Tsiku Limene a Dainess Anatsitsa Anthu pa Masikuta

A Dainess Miti anaphunzira kupalasa njinga asanadziwe kulemba dzina lawo. Bambo awo anali wokonza njinga ku Katete, m'mbali mwa msewu wopita ku Chipata, ndipo pa ana awo onse, a Dainess ndi amene ankatumidwa kukayesa njinga ikangotha kumangidwa masipoko. Miyendo isanafike pa mapedulo ankalowetsa mwendo umodzi pansi pa chitsulo chapakati, n'kumapalasa thupi lili chammbali. Atakula ankanyamula matumba awiri a mtedza pakaliyala, mwana wa achemwali awo ali kumsana, chitenje chili chomanga bwinobwino, osagwa. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwiretu kuti amene anaganiza zoopseza mayi ameneyu ndi kanthu ka matayala awiri sanafunse kaye kumene achokera.

Ine ndine Mabel. Ndinagwira nawo ntchito yokolopa pa yunivesite ina kumpoto kwa London kuno zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinawapeza atatha kale zisanu ndi zitatu. Dzina la yunivesiteyo sinditchula, chifukwa ndikadali komweko ndipo ana anga amadya. Ndi malo otambalala, nyumba zake n'zomwazikana. Kuchoka ku laibulale, kumtunda, kukafika ku nyumba ya sayansi, kumunsi, ndi ulendo wa mphindi makumi awiri kwa munthu wa mawondo abwino.

Pagulu la okolopa tinalipo atatu omvana chinenero. A Dainess anali ndi Chinyanja chawo cha kum'mawa kwa Zambia. Ine ndili ndi Chichewa cha makolo anga a ku Ntcheu, chothira Chishona apa ndi apo, poti ndinabadwira pa famu ku Norton, ku Zimbabwe. Wachitatu, wamkulu wa tonse, anali a Biswick Nkhoma, obadwira pa famu ya fodya ku Karoi, ku Zimbabwe komweko. Dziko la Malawi sanalipondepo, koma akamati "kwathu ku Dedza" ankanena ngati achokako dzulo. Anasesa nyumba ya sayansi ndi njira yaitali yodutsa pakhomo pake zaka makumi awiri ndi ziwiri. Matenda a shuga anali atawadya maso, moti ankayenda ndi maswiti m'thumba oti adye shuga akatsika. Vuto lake, maswitiwo ankathera kwa ana a sukulu. Aliyense wodutsa ankapatsidwa moni, ngakhale aja otseka makutu ndi nyimbo.

Hafu pasiti faifi m'mawa tinkakumana m'kachipinda ka mamopu, kumwa tiyi wa m'fulasiki ya a Dainess, n'kumanyozana za amene amalankhula chinenero chenicheni. Musaderere kachipinda kameneko. Amuna a a Dainess anamwalira kalekale, ana awo awiri ali ku Leeds, ndipo ukawalankhula Chinyanja pafoni amakuyankha Chingerezi. Kunyumba kwawo ku Tottenham, pamwamba pa shopu ya nsomba zouma, ankakhala okhaokha. Tsiku lina anandiuza mosabisa kuti, "Mabel, akadzandichotsa pano ndidzalankhula ndi ndani? Mudzi wanga ndi uno." Anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ntchito imeneyi sankafuna kuitaya ngakhale pang'ono.

Koma mudziwe chinthu chimodzi. Ife si antchito a yunivesite. Tinalembedwa ndi kampani yokolopa imene yunivesite inaipatsa kontirakiti. Baji yathu ndi yobiriwira, yawo ndi yabuluu. Zimbudzi zawo timazidziwa kuposa eni ake, koma pa mndandanda wa anthu a pamalopo ife palibe.

Chaka chimene masikuta anabwera, ofesi ya yunivesite yoona za kayendedwe inayamba ndi kafukufuku. Anafunsa ana a sukulu ndi aphunzitsi mmene amayendera: pa basi, pa sitima, pa njinga, kapena wapansi. Mafunsowo anapita pa imelo ya yunivesite, imene ife tilibe. Ife amene timatsika ndi kukwera njira ija kanayi patsiku titanyamula ndowa, palibe anatifunsa kanthu. Kenaka mu Seputembala tinangoona tizinthu tija tili ndandanda pakhomo la nyumba iliyonse, tamagetsi, tobwerekana. Umatsegula ndi foni, n'kuimirira pakathabwa, n'kukasiya kumene wafika kuti wina atenge. Ana a sukulu anawakonda zedi masikutawo. Ankadutsa fyuu, chikwama kumsana, khofi kudzanja, ndipo a Biswick ankangomva mphepo moni wawo usanathe.

Ine ndilibe nawo mlandu masikutawo. Mlandu wanga uli ndi munthu wina wa ku ofesi ya kampani yathu, amene sanayendepo njira ija, koma anamva kuti pa yunivesite pabwera masikuta. Anatenga cholembera n'kudula nthawi yathu yochokera nyumba ina kupita ina, kuchoka pa mphindi makumi awiri kufika pa zisanu ndi imodzi. Pakhomo lililonse pali kachizindikiro kamene timajambula ndi foni tikafika, ndiye kuchedwa sikubisika. Ukachedwa mobwerezabwereza umalandira kalata ya chenjezo. Makalata akakwana atatu, amakuonetsa msana wa njira.

Ndiye tamverani nzeru zake. Kuti utsegule sikuta pankafunika imelo ya yunivesite ndi laisensi yoyendetsera galimoto, ngakhale ija ya wophunzira. Ife tinalibe zonse ziwiri. Anatiwerengera mphindi za chinthu chimene sitinkaloledwa kuchikhudza. Ine ndinayamba kuthamanga ndi ndowa ngati ndaba. A Dainess anakana kuthamanga, ndipo mu Okutobala analandira kalata yawo yoyamba.

Anaipinda kanayi, kuiika m'thumba la jekete yonyezimira, n'kukwera masitepe kupita ku ofesi ya kayendedwe ija, chitenje chili pamwamba pa thalauza la yunifolomu. Kumeneko kunali mayi wina dzina lake Maureen, munthu wofatsa, wopepesa kwambiri, wa mtundu uja wokupepesa mpaka uiwale chimene wabwerera. A Dainess sanaiwale. Anayala kalatayo patebulo n'kunena m'Chingerezi chawo chosakongoletsa kuti, "Mwandiwerengera mphindi za sikuta, ndipatseni sikuta. Apo ayi, ndibwezereni mphindi za miyendo." Maureen anati nkhaniyo ndi ya kampani yathu. Kampani inati nkhaniyo ndi ya yunivesite. A Dainess anabwereranso Lachinayi lotsatira, ndi linzake, ndi linzakenso, nthawi yawo ya tiyi, kukhala pampando wa alendo osanena zambiri. Sabata yachisanu ndi chimodzi Maureen anatuluka ndi pepala la manambala otsegulira masikuta, la okolopa onse.

Laisensi ya wophunzira tinaitanitsa tonse awiri. A Biswick zinawakanika, chifukwa pamafunika maso otha kuwerenga nambala ya galimoto ili patali, ndipo iwo nambala ya basi ankachita kufunsa. Anaseka okha n'kunena kuti miyendo yawafikitsa kuchoka ku Karoi mpaka ku Peckham, siingalephere kuwafikitsa ku sayansi.

Tsiku loyamba kukwera, ana a sukulu anatulutsa mafoni kuti ajambule gogo akugwa. Anataya nthawi yawo. A Dainess anakunga chitenje, anavala chisoti pamwamba pa duku, anaponda kathabwa, n'kutsetsereka njira yonse msana uli chilili, ndowa ili pachiwongolero. Pakona ya laibulale anakhota mopendekeka pang'ono, mwa ku Katete. Amene anagwa ndi ine, m'mpanda wa maluwa, ndipo nkhani imeneyo anaikamba m'kachipinda kathu mpaka Khirisimasi.

Mukanaganiza kuti zathera pomwepo. Koma m'mawa uliwonse, chamma eyiti, njira ya a Dainess inkakumana ndi ya a Biswick, onse akulowera kumunsi. Kwawo kwa a Dainess, ukakhala panjinga n'kupeza munthu wamkulu womudziwa akuyenda wapansi, sumupitirira ngati mtengo. Umatsika, umapereka moni, umakankha njinga pambali pake. Zimenezi sanachite kuganiza, mwendo unkatsika wokha. Ndiye mayi uja anamenyera nkhondo sikuta sabata zisanu ndi imodzi ankaoneka tsiku ndi tsiku akuikankha, ndowa ya a Biswick ataikoleka pachiwongolero, awiriwo akukambirana za mvula.

Kapitawo wathu ndi Crispin, wa ku Chilenje ku Lusaka, bambo wa ana awiri, mayi ake a ku Petauke. Si munthu woipa, kungoti foni yake imalira kwambiri ndipo iye amaiopa. Mu Januwale anabwera m'kachipinda kathu ndi envulopu, osakweza maso, n'kuyamba kulankhula Chinyanja chake cha ku Lusaka.

"Amai, system ionetsa ati mwenze na scooter, but mwachita seventeen minutes. Every day. Manje ine nizakamba chani ku office?"

"Ukawauze kuti Dainess sapitirira munthu wamkulu ali pansi iye ali pamwamba," anatero a Dainess. "Amako sanakuphunzitse, iwe Crispin?"

"Ananiphunzisa, amai. But kuno ni London. Iyi ni letter ya number two. Ikabwera ya three sinizakwanisa kukuthandizani, napapata," anatero mochonderera.

Anaipinda kanayi ngati yoyamba ija n'kuiika m'thumba lomwelo. Amene anakwiya anali a Biswick. Sindinawaonepo atapsa mtima chotero. Iwo makalata sankawaopa, poti anali atatsala miyezi yochepa kuti apume. "Mayi Miti," anatero, "kuyambira mawa mukwere. Moni mudzipereka muli pamwamba pomwepo, ndamva ndine. Musafere ine." A Dainess anayesa kutsutsa, koma mawu a munthu wamkulu anali atatuluka kale.

Sabata zitatu anamvera. Ankadutsa a Biswick pang'onopang'ono, n'kufuula moni, n'kupitirira. Akafika ku sayansi nthawi yake ankakhala ndwii. Lachisanu lina mu Febuluwale anawadutsa chomwecho, a Biswick anakweza tsache poyankha. Loweruka a Biswick anakomoka ali kwa mnzawo ku Edmonton, anawatengera ku chipatala chachikulu cha kumeneko, ndipo Lamulungu madzulo anatisiya.

Lolemba tinapeza dzina lawo litafufutidwa kale pa ndandanda ya ntchito. Fulasiki ya tiyi sinatsegulidwe. A Dainess anakhala pa ndowa yovundikira n'kulira mokweza, mwa kwathu, akubwereza mawu amodzimodzi, akuti anawaona komaliza iwo ali pamwamba, mkulu ali pansi. Ine ndinawauza kuti anachita kulamulidwa ndi mwini wake. Sizinawatonthoze.

Mwezi umodzi izi zisanachitike, pulofesa wina atamwalira, mbendera inatsitsidwa, chithunzi chake chinaikidwa pa makanema a m'makonde onse, ndipo ndi ife tinanyamula mipando ya mwambo wake. Sindikudandaula, munthu anali atamwalira. Koma a Dainess anapitanso kwa Maureen kukafunsa ngati angaike chithunzi cha a Biswick pa kanema mmodzi yekha, wa ku sayansi, tsiku limodzi lokha. Maureen anapepesa mpaka misozi, koma anati lamulo limalola antchito a yunivesite okha. Kampani yathu inatumiza khadi kwa Tsungai, mwana wa malemuyo, dzina la Nkhoma litalembedwa molakwika.

Lachiwiri madzulo tinapita kukakhuza ku Peckham, ku fulati ya Tsungai, kumene a Biswick ankakhala. Anthu anadzaza mpaka pamasitepe, nyimbo zikuimbidwa motsitsa kuopa oyandikana nawo. Potuluka a Dainess anaima pakhomo n'kuyang'ana msewu, mabasi akudutsa, anthu akuseka ndi zikwama za zogula. Kwathu konse, kaya ku Katete, kaya ku Ntcheu, pakagwa maliro amayala nthambi zamasamba modutsa msewu, kumtunda ndi kumunsi kwa nyumba ya siwa. Wagalimoto amachepetsa liwiro, wachipewa amavula, wanjinga amatsika n'kukankha mpaka adutse masamba achiwiri. Sufunsa kuti wamwalira ndani. Pamsewu wa Peckham panalibe tsamba ndi limodzi lomwe.

"Apa sindingaike, a police angandimange," anatero a Dainess. "Komanso apa sanakhalepo. Ankangogonapo. Kwawo ndi njira ija."

Ndinamva chimene ankafuna kuchita. "Asisi, muli ndi ma letter awiri."

"Ndimadziwa kuwerenga, Mabel. Ubwera?"

Ndinati ndili ndi ana. Ndi zoona, ndili nawo, koma ndinawatchula chifukwa cha mantha. Sanandinyoze. Anangoti chabwino, n'kulowera kokwerera sitima.

Lachitatu kunacha kozizira, kopanda mvula. Anthu osamalira maluwa anali atadulira mipanda sabata imeneyo, nthambi zili mulu kuseri kwa nyumba ya sayansi, zamasamba obiriwira osayoyoka nthawi yozizira. Cha m'ma hafu pasiti eyiti, nthawi imene a Dainess ankayenera kukhala akukolopa, ine ndinali pawindo la m'mwamba ku sayansi ndi mopu m'manja. Ndinawaona akutuluka kuseri ndi mtolo wa nthambi pamutu. Anayala mzere umodzi modutsa njira, anayenda mapazi makumi asanu, anayala wina. M'mbali anasiya mpata woti njinga ya olumala idutse. Kenaka anaimika tsache la a Biswick pa mtengo wa nyali, anakoleka baji yobiriwira ya malemuyo, yokhala ndi chithunzi chawo, n'kuima pambali pake atavala duku lakuda ndi jekete yonyezimira.

Naini koloko ikamayandikira, njira imeneyo imasefukira. Mnyamata woyamba analumpha masamba ndi sikuta ngati masewera. Wachiwiri anatukwana n'kulambalala pa kapinga. A Dainess sanathamangitse aliyense. Anangokweza dzanja limodzi kwa wotsatira n'kunena m'Chingerezi, mawu omveka mpaka pawindo langa: "Pano pali maliro. Munthuyu ankasesa njira ino. Tsikani, muyende wapansi mpaka masamba awo." Anabwereza mawu omwewo kwa aliyense, osawonjezera, osachonderera.

Mtsikana wina wamtali anatsika monyinyirika, anayang'ana baji ija, n'kugwira pakamwa. Ndinamumva akuuza anzake kuti ndi bambo wa maswiti uja. Anakankha sikuta yake pang'onopang'ono mpaka mzere wachiwiri. Anzake atatu anachita chimodzimodzi. Njira ikadzaza ndi anthu oyenda pansi, wapambuyo sangathamange ngakhale atafuna, ndiye anayamba kutsika okha, ena asakudziwa n'komwe chifukwa chake, akufunsana chapansipansi. Mphunzitsi wina wa imvi anatsika pa njinga yake yopinda n'kuvula chipewa. Phokoso lija la matayala linatha. Kunangotsala mapazi, mazana a mapazi, pa njira imene a Biswick anaisesa theka la moyo wawo wa kuno.

Mlonda anabwera, analankhula pa wailesi yake, n'kuima poteropo osadziwa chochita ndi masamba. Posakhalitsa ndinaona Crispin akutsika kuchokera ku laibulale pa sikuta, liwiro lonse, foni ili m'thumba ikulira. Ndinati basi, zatha. Koma atangoona masamba aja anagwira buleki mwamphamvu, mwendo unatsika, dzanja linavula chisoti. Zonsezi zinachitika asanakumbuke kuti ndi kapitawo. Anaima kanthawi akudziyang'ana, ngati munthu amene wagwidwa akuba. Ine ndinasuzumira pawindo kuti ndimve bwino.

"Amai, chosani, napapata," anatero motsitsa mawu. "Mukachosa manje manje, nizalemba ati phone yanu yenze na problem. Palibe azaziba."

"Usaname chifukwa cha ine, mwana wanga. Ulembe zoona. Ulembe kuti Dainess anali pa maliro."

"Iyi ni ya three, amai."

"Ndikudziwa. Masamba achoka ten o'clock. Iwe pita, koma upite wapansi."

Crispin anakankha sikuta yake mpaka mzere wachiwiri, chisoti chili kudzanja, akupukuta m'maso ndi mkono. Atadutsa anayankha foni.

Ine ndinatsika hafu pasiti naini. Musandiyamikire, imeneyo ndi nthawi yanga ya tiyi, nthawi imene sikanandibweretsera kalata. Ndinaima pambali pawo manyazi atandigwira mpaka m'mafupa. Sananditembenukire, anangoyambitsa nyimbo ya maliro ya ku tchalitchi, ine ndinapolokeza, awiri basi pakati pa khamu losamva mawu ake. Teni koloko itakwana anatola nthambi zonse n'kukabweza pamulu. Masamba oyoyoka anasesa ndi tsache la a Biswick, njira inasiyidwa yoyera.

Anawaitana ku ofesi ya kampani Lachisanu, ndipo ndinawaperekeza ngati mboni. Bwana wake anali ndi mawu ambiri okhudza chitetezo, akuti wina akanagwa pa nthambizo. A Dainess anafunsa ngati alipo anagwa. Panalibe. Bwanayo sanali wouma mtima kwenikweni, moti anatulutsa pepala lina. Anati akasayina kuti akudandaula ndi zimene anachita ndipo sadzabwerezanso, kalata yachitatu aiimika kaye, ntchito ipitirira. Ine ndinawaponda phazi pansi pa tebulo. Ndinkafuna asayine, ndinkafuna fulasiki ija Lolemba m'mawa. Iwo anawerenga pepalalo mpaka pansi, chala chikutsata mizere, n'kulikankhira kwa mwini wake.

"Sindingasayine bodza," anatero. "Sindikudandaula. Ndipo ndidzabwereza. Mabel akadzafa ndidzamuikira masamba. Inunso bwana, mukadzafa ndili moyo, ndidzakuikirani."

Bwanayo sanadziwe ngati watukwanidwa kapena walemekezedwa. Baji yobiriwira anaisiya patebulo pomwepo, atatha zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Pa basi pobwerera ndinawakalipira, ndikulira, kuti andisiya ndekha m'kachipinda kaja chifukwa cha masamba. Anandilola ndimalize. Kenaka anati nawonso akuopa, sakudziwa kuti Lolemba adzuka kupita kuti, koma sabata zitatu zija anayesa kukhala munthu wodutsa ndipo zinawakanika.

Pano amachapa zovala ku nyumba yosungirako okalamba ku Edmonton, m'chipinda chapansi, ndi makina awiri aphokoso. Tsiku lonse limatha osalankhula Chinyanja ndi munthu. Zimawawawa, ndipo sabisa. Anagula njinga yakale kwa munthu wa ku tchalitchi, anaimanga okha masipoko, ndipo amapalasa kuchoka ku Tottenham kaya kugwe mvula, madalaivala a mabasi akuwaombera mahutala.

Mu Juni, ndikukhuthula bini ya mapepala mu ofesi ya Maureen, ndinapeza lipoti la chaka la kampani ya masikuta. Linali pamwamba penipeni, lotsegula kale, ndipo sindikhulupirira kuti linatseguka lokha. Masikutawo amadzilemba okha kumene ali ndi liwiro lawo. Patsambalo analemba kuti Lachitatu lina mu Febuluwale, pakati pa hafu pasiti eyiti ndi teni koloko, maulendo 214 anayenda pa liwiro la munthu wapansi pamalo amodzimodzi, pakhomo la nyumba ya sayansi. Chifukwa chake akuti sichikudziwika, mwina makina olondolera anasokonekera.

Ndinawapititsira a Dainess lipotilo Lamulungu titaweruka ku tchalitchi. Anandiuza ndiwawerengere kawiri. Kenaka anatenga pepalalo n'kuliyang'ana nthawi yaitali, ngakhale magalasi anali atawaiwala kunyumba.

"Two hundred and fourteen," anatero. "Osawerengera a njinga ndi a miyendo. Ukamupatse Tsungai. Umuuze kuti pa maliro a bambo ake panafika anthu amenewa, ndipo awerenga okha eni ake."

M'malo mwa a Biswick anabweretsa mayi wina wachikulire, a Miriam, ochokera ku Chegutu, makolo awo a ku Mulanje. Bondo lakumanja silipinda bwino, ndipo sikuta amaiopa. Njira yawo imakumana ndi yanga chamma eyiti. Sabata ziwiri zoyamba ndinkawadutsa n'kufuula moni. Tsiku lina mwendo unangotsika. Kuyambira pamenepo ndimakoleka ndowa yawo pachiwongolero n'kumakankha, tikukambirana za ana athu osamva.

Mwezi watha Crispin anandibweretsera envulopu, osakweza maso. Madzulo ake ndinawaimbira foni a Dainess kuwauza kuti ndalandira kalata yanga yoyamba. Ndinkayembekeza kuti andipepesa. Kumbali kwawo makina ochapira ankalira chapatali.

"Waipinda kanayi?" anafunsa.

Ndinati eya, ili m'thumba.

"Zatsala ziwiri," anatero. "Usaziwononge pa zinthu zachabechabe."